Funsani Amakanika: Eyakoni ikuzizira mwaulesi, vuto lili pati?

Moni nonse owerenga tsamba lino. Makalata ambiri mwezi uno ndi a eyakoni, ndipo sizodabwitsa, Okutobala wafika nde aliyense wakumbukira batani lija analiiwala kuyambira mu Meyi. Ndasankhapo asanu amene mavuto awo akusiyana ngakhale onse akudandaula chimodzimodzi kuti kuzizira kwachepa.

FUNSO: Amakanika, ndili ndi Toyota Axio ya 2012 yochokera ku Japan. Eyakoni inali bwinobwino koma chaka chatha inayamba kufooka, mphepo imatuluka yamphamvu ndithu koma kuzizira kwake ndi kwa dzina chabe. Ndinapita pa garaja ina anandithirira gasi, inazizira masabata angapo kenako kubwerera pomwe paja. Mwezi watha ndathiranso, pano zayambiranso. Kodi gasi amene akutigulitsa masiku ano ndi wa feki kapena galimoto yangayi ikungodya gasi? Bambo a Tamanda, Area 25, Lilongwe

YANKHO: Bambo a Tamanda, galimoto siidya gasi wa eyakoni. Ichi ndikufuna tonse tichimvetse kaye chifukwa ndi pamene ndalama za anthu ambiri zikuthera. Petulo amapsa nkutha, koma gasi wa eyakoni sapsa, amangozungulira m'mapaipi otsekeka, kuchoka ku kompuresa, pampu imene imamukankha, kupita ku kondensa ija ili kutsogolo kwa radiyeta, kudutsa pa kavavu kakang'ono, kulowa mu evaporeta yoziziritsa mpweya imene yabisika mkati mwa dashibodi nkubwereranso ku kompuresa, ulendo womwewo zaka ndi zaka. Ntchito yake ndi kutola kutentha kwa mkati mwa galimoto nkukakutaya panja. Inde pakapita zaka zambiri amatha kuchepako pang'onopang'ono chifukwa mapaipi a rabala amakalamba, koma ngati mwathira lero pakutha masabata angapo wathawa nde kuti pali pobowoka penapake, basi. Kuthira kachitatu musanapeze bowolo kuli ngati kutungira madzi mu ndowa yobowoka. Gasi wachinyengo alipo pamsika, sindikukana, koma ngakhale wa fekiyo sangathawe m'paipi yosabowoka.

Malo amene gasi amakonda kuthawira siambiri. Choyamba timarabala tozungulira tija timakhala pamene mapaipi awiri alumikizana, timauma nkusweka. Kenako kondensa yomwe, chifukwa ili kutsogolo kwenikweni ndipo miyala yonse imene magalimoto akutsogolo akuponya imafikira pa iyoyo, ndipo ndi aluminiyamu yopyapyala kwambiri. Pali timavavu ta pothirira gasi, timafanana ndi vavu ya tayala, nato timadontha. Pali kutsogolo kwa kompuresa pamene shafiti imatulukira. Ndipo pomaliza evaporeta, imene aliyense amapemphera kuti isakhale iyoyo chifukwa pamagalimoto ambiri kuti muifikire mpaka kumasula dashibodi yonse.

Pali chizindikiro chimene mutha kuchiona nokha musanapite kwa munthu. Gasi amayenda limodzi ndi oyilo wa kompuresa, nde pomwe akuthawira pamanyowa ndi oyiloyo, ndipo ndi fumbi lathu lino pamada bii. Tsegulani boneti injini ili yozimitsa, londolani mapaipi a aluminiyamu aja ndi maso, yang'anani kondensa kudzera kumagirilo akutsogolo, mukaona banga lakuda lamafutamafuta pakona kapena pamfundo ya paipi, pamenepo ndi pokayikitsa.

Tsono mukamabwerera kwa okonza, musakanene kuti mwabwera kudzathira gasi, mukanene kuti mwabwera kudzafufuza pomwe akuthawira. Amene amadziwa ntchito amamangirira ma geji awiri, la mbali ya presha yotsika ndi la presha yokwera. Eyakoni yabwino ikamagwira ntchito tsiku lotentha, mbali yotsika imasewera cha m'ma 25 mpaka 45 psi, yokwera cha m'ma 150 mpaka 250, zimasinthako malinga ndi kutentha kwa tsikulo ndi mtundu wa galimoto. Zonse ziwiri zikakhala zotsika nde kuti gasi wachepa. Pofufuza bowo ena amapopera naitrojeni m'mapaipi nkumapaka thovu la sopo pamfundo iliyonse, ena amathira utoto umene umawala ndi tochi ya UV nkukuuzani kuti mubwere patapita masiku angapo. Njira zonsezi nzabwino. Akakonza pobowokapo ayenera kukoka mpweya wonse ndi pampu ya vakyumu, mphindi 30 kapena kuposerapo, nkutseka kuona ngati singano ikhala pomwepo osasuntha. Izi sizokometsera ayi, mpweya wamba uli ndi chinyezi, ndipo chinyezi chikatsala mkatimo chimaundana pa kavavu kaja nkutseka njira, komanso chimawononga oyilo.

Ndipo gasi amathiridwa pa sikelo, osati mongoganizira. Pansi pa boneti pamakhala sitika imene yalemba mtundu wa gasi ndi magalamu ake, yanuyo ndi R134a ndipo magalimoto ang'onoang'ono ngati amenewa ambiri amalowa cha m'ma 400 mpaka 500 magalamu, koma tsatirani zimene sitika yanu ikunena. Zija anthu amanena kuti mungowonjezerako pang'ono kuti izizire kwambiri ndi zabodza, gasi akachuluka presha imakwera, kuzizira kumachepa ndipo kompuresa imavutika.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwa inu ndi kompuresa. Gasi akachepa, oyilo nayenso sazungulira mokwanira, nde kompuresa imayenda youma, ikadyeka mkati tizitsulo take timamwazika m'mapaipi monse ndipo pamenepo simukukambanso za karabala kotchipa, mukukamba za kompuresa, kondensa, kavavu ndi kutsuka mapaipi onse. Nde pakadali pano izimitseni kaye eyakoniyo mpaka bowo lipezeke.

FUNSO: Ine yanga ndi Passo. Mpweya ukuoneka kuti ndi wozizira ukaika dzanja pafupi penipeni, koma ukutuluka pang'ono zedi ngakhale nditaika pa 4, fani imangomveka kulira mkatimo. Komanso mukumveka kafungo ngati ka nsanza yonyowa. Ana kumbuyo amangodandaula. Mwamuna wanga akuti tikathire gasi. Mayi a Chisomo, Chilomoni, Blantyre

YANKHO: Mayi, auzeni bambo akunyumba asunge kaye ndalama ya gasiyo. Funso loyamba limene aliyense ayenera kudzifunsa eyakoni ikafooka ndi ili, chachepa ndi kuzizira kapena ndi mphepo? Kwa Bambo a Tamanda mphepo ilipo koma siyozizira. Kwa inu kuzizira kulipo koma mphepo ikukanika kudutsa, ndipo zimenezo gasi sizimukhudza.

Ndikukayikira kwambiri fyuluta ya mkati. Anthu ambiri amadziwa fyuluta ya injini yokha, sadziwa kuti palinso ina imene imasefa mpweya wolowa m'galimoto. Pama Toyota ambiri ili kuseri kwa kabokosi kaja kali kutsogolo kwa mpando wa pasenja. Tsegulani kabokosiko, kafinyeni m'mbali kuti katsike, muona kachivundikiro kapulasitiki kotalika chopingasa, mukakachotsa fyuluta imasololoka ngati dirowa, sipafunika ngakhale sipanala. Magalimoto ambiri amabwera kuchokera ku Japan ndi fyuluta yake yakale, nkuyenda kuno zaka pamisewu yafumbi palibe amene anaiganizirapo, nde mukaitulutsa mumapeza fumbi, masamba, tsitsi, nthawi zina mpaka chisa cha khoswe makamaka ngati galimoto imagona pafupi ndi pamene mumasunga chimanga. Yesani kuyatsa fani fyuluta ili kunja, mphepo ikabwera mwamphamvu nde vuto mwalipeza. Gulani yatsopano, ndipo poika muone kamuvi kali m'mbali mwake kuti musaitembenuze. Musazolowere kuyenda opanda fyuluta chifukwa fumbi lonse lija likakamatirira pa evaporeta imene imakhala yonyowa, likasanduka matope, ndipo kutsuka kumeneko ndi ntchito yaikulu. Mabuku amanena kuti muzisintha kamodzi pachaka kapena pamakilomita pafupifupi 15,000, ine kwa munthu woyenda misewu yafumbi ndimati muziiyang'ana nthawi iliyonse mukusintha oyilo.

Kafungo kaja ndi nkhungu imene yamera pa evaporeta chifukwa cha chinyezi. Mushopu za ziwiya za galimoto mumapezeka mankhwala athovu opopera mmenemo. Ndipo mukatsala pang'ono kufika kunyumba muzizimitsa batani la A/C koma fani izipitirira kwa mphindi zochepa kuti mkatimo muume.

Kwa ena amene fani yawo imagwira pa sipidi yomaliza yokha, pa 1, 2 ndi 3 kuli zii, imeneyo ndi rezista ya fani yapsa, kanthu kakang'ono kali pafupi ndi mota ya faniyo.

FUNSO: Achimwene, ndimayendetsa Sienta yonyamula anthu. Ndikakhala pamsewu wa Zomba eyakoni imazizira bho, koma ndikangolowa mu jamu ya pa Chipembere Highway kapena mu Limbe imayamba kutulutsa mpweya wofunda, ndikangotuluka mu jamu yayambanso kuzizira. Nthawi zina ndikatsikira ku Chikwawa imakanikiratu. Dalaivala, Bangwe

YANKHO: Achimwene, mmene mwafotokozeramu mwandichepetsera ntchito. Kondensa ija ndatchula pamwambapa ndi pamene kutentha kumatayidwa, ndipo kuti kutayike pamafunika mphepo yodutsa pamenepo. Mukamathamanga mphepo imabwera yokha. Mukaima mu jamu, zonse zimadalira fani ya magetsi ili kuseri kwa radiyeta. Nde yesani izi, imikani galimoto, injini ikulira, yatsani eyakoni, tsegulani boneti muyang'ane faniyo manja ali kutali. Iyenera kuyamba kuzungulira posakhalitsa ndipo mwamphamvu. Ngati siikuzungulira, aone fyuzi, rileyi, mawaya ndi mota yake. Ngati ikuzungulira koma mwaulesi, kawirikawiri mota yatopa, ndipo imeneyi ndi imene imapusitsa anthu chifukwa ukayang'ana umaona ngati ikugwira ntchito.

Musazengereze nazo chifukwa fani yomweyo ndi imene imaziziritsanso madzi a injini. Muziyang'ana geji kapena kanyali ka kutentha, magalimoto ambiri injini ikayamba kutentha kompyuta imadula yokha eyakoni kuti ipulumutse injini, nde nthawi zina eyakoni yofooka mu jamu ikukuchenjezani za vuto lalikulu kuposa thukuta la makasitomala anu.

Fani ikakhala kuti ili bwino, yang'anani kondensayo. Tizipsepse take timatsekeka ndi fumbi, tizilombo, udzu, mapepala a pulasitiki, ndipo pakati pa kondensa ndi radiyeta pamadzadza zinyalala zimene simungazione musanasuzumire ndi tochi. Tsukani ndi paipi ya madzi wamba, modekha. Anyamata otsuka magalimoto ndi mashini a presha muziwauza asayandikize pamenepo, amapinda tizipsepse tija nkutsekeratu njira ya mphepo. Pali mayeso ena osavuta, eyakoni ikayamba kufunda galimoto ili chiimire, thirani madzi pa kondensa, mkati mukangoyamba kuzizira nthawi yomweyo nde mwatsimikiza kuti vuto ndi kutaya kutentha.

China chimene chimabweretsa vuto lomweli ndi kilatchi ya kompuresa, kachitsulo kamene maginito amakakoka kuti lamba azizungulitsa kompuresayo. Ikadyeka mpata wake umakula, nde ikatentha maginito ake amalephera kuikoka, imagwira m'mawa kukuzizira nkusiya masana. Mpatawo umayenera kukhala pafupifupi theka la milimita, ndipo wodziwa ntchito amatha kuuchepetsa osagula kompuresa ina. Aonenso lamba ngati sakuterereka.

Za ku Chikwawa, mukangotsika phiri pa Thabwa mwalowa dziko lina, ku Chigwa cha Shire nyengo ino kumadutsa madigiri 40, nde eyakoni imene ili ndi kavuto kakang'ono imaonekera poyera kumeneko. Ithandizeni. Galimoto ikakhala padzuwa tsegulani kaye mawindo mpweya wotentha utuluke, kenako tsekani nkudina batani lija lili ndi kamuvi kozungulira mkati mwa chithunzi cha galimoto, kuti iziziziritsa mpweya wa mkati womwewo m'malo momakoka wamoto wakunja. Ambiri amayenda batani limeneli lili lozimitsa nkumati eyakoni yafooka. Koma poti mumanyamula anthu ambiri, paulendo wautali muzilowetsako mpweya wakunja nthawi ndi nthawi kuti tulo tisakugwireni.

FUNSO: Ndikamachoka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu, eyakoni ya Mazda Demio yanga imayamba bwino kwambiri, koma pofika cha ku Kasungu mphepo imayamba kuchepa mpaka kutsala pang'ono kusiya. Ndikaima kwakanthawi pansi pamadontha madzi ambiri, ndikanyamuka yayambanso bwino. Mtauni sizichitika. Mphunzitsi, Kawale

YANKHO: Aphunzitsi, evaporeta yanu ikuundana, ikupanga ayisi. Imayenera kuzizira kufika pafupi ndi digiri 0 koma osapitirira, ndipo pali kasensa kamene kamauza kompuresa kuti ipume ikafika pamenepo. Kasensako kakafa kapena kakasuntha pamalo pake, kapena rileyi ikamatirira, kompuresa siipuma, chinyezi chimene chimayenera kutsika ngati madzi chimaundana nkutseka njira yonse ya mphepo. Mtauni simuyenda nthawi yokwanira kuti ayisiyo achuluke. Gasi wochepa pang'ono komanso fyuluta yotsekeka nazo zimathandizira, nde yambani ndi fyuluta poti ndi yotchipa, kenako akayeze presha ndi kasensako. Zikakuchitikirani panjira zimitsani A/C yokha, fani ikhale pa sipidi yaikulu, pakapita mphindi zochepa ayisi asungunuka.

Madzi odontha pansi pa galimoto eyakoni ikamagwira ntchito si vuto, ndi mmene ziyenera kukhalira. Vuto ndi pamene sakudontha panja koma kapeti ya mbali ya pasenja ikunyowa, pamenepo kapaipi kotayira madzi katsekeka ndi matope.

FUNSO: Ndagula Toyota Aqua posachedwapa, eyakoni siikuzizira mokwanira, mbali ya dalaivala ndi ya pasenja zikusiyana kuzizira kwake. Pali mnyamata wina kwathu kuno amakonza mafiliji, akuti atha kundithirira gasi pamtengo wotsika kusiyana ndi ku garaja. Ndimulole? Achemwali a ku Mangochi

YANKHO: Achemwali, ayi, musamulole, ndipo sindikunyoza luso lake pa mafiliji. Aqua ndi haibridi, yoyendera petulo ndi magetsi, kompuresa yake siyendera lamba ngati ya magalimoto ena, ili ndi mota ya magetsi mkati mwake imene imalandira mphamvu yaikulu kuchokera ku batire ya haibridi, nchifukwa chake mawaya opita pamenepo ndi a olenji, ndipo mawaya a olenji sagwiridwa ndi munthu amene sanaphunzire. Popeza oyilo amakhudzana ndi mawaya a motayo, amafunika wapadera wosadutsa magetsi, a Toyota amamutcha ND-11. Magalimoto wamba amagwiritsa oyilo wa PAG, ndipo PAG akalowa mu haibridi ngakhale wochepa, ngakhale wongotsalira m'mapaipi a ma geji amene anagwiritsidwa pa galimoto ina, amatha kuchititsa kuti magetsi azithawira ku chitsulo cha kompuresa, kompyuta nkuyatsa nyali ya chenjezo kapena kuikaniza galimoto kunyamuka. Izi ndi za Prius komanso ma haibridi ena okhala ndi kompuresa ya magetsi. Nde pofunafuna wokonza, funso lanu loyamba likhale lakuti ali ndi oyilo wa haibridi ndi zida zosasakaniza? Akayamba kuzungulirazungulira poyankha, pitani kwina.

Nkhani ina ndi mtundu wa gasi. Mafiliji ambiri a masiku ano amayendera R600a, amene amayaka moto ngati gasi wophikira. Ma eyakoni akale a m'nyumba ndi m'maofesi amayendera R22 amene presha yake ndi yokwera kuposa mmene mapaipi a galimoto anapangidwira. Zonsezi zisalowe m'galimoto. Tangoganizani gasi woyaka akuthawira mkati mwa dashibodi mawindo ali otseka, wina nkuyatsa fodya. Magalimoto akale kwambiri ankayendera R12, amene anathetsedwa potsatira pangano la ku Montreal la 1987 chifukwa ankawononga ozoni, mpweya wa m'mlengalenga umene umatiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa, ndipo cha m'ma 1994 opanga magalimoto ambiri anali atasamukira ku R134a. Pano kwabweranso R1234yf, m'mayiko a European Union magalimoto ang'onoang'ono onse atsopano kuyambira 2017 sanaloledwenso kutuluka ndi R134a, nde amene mukuitanitsa magalimoto atsopanoko muziwerenga sitika, chifukwa magasi awiriwa sasakanizidwa ndipo ngakhale pothirira pake anapapanga mosiyana dala.

Ndipo nonse amene mumafuna kumasula nokha mapaipi, chonde lekani. R134a amawira pa madigiri 26 pansi pa ziro, akakuthirani pakhungu amawotcha ndi kuzizira, akalowa m'maso mutha kuchita khungu.

Tsono za kusiyana kwa mbali ziwiri mwanenazo, kawirikawiri ndi gasi wochepa, amakwanitsa kuziziritsa gawo limodzi lokha la evaporeta nde mavento a mbali imodzi amazizira kuposa ena. Zikakhala choncho zonse ndawauza Bambo a Tamanda zikukukhudzani, bowo lipezeke kaye. Koma ngati presha ili bwino, aone kachitseko kali mkati mwa dashibodi kamene kamasakaniza mpweya wozizira ndi wotentha wochokera ku hita. Kamota kake kakafooka chitsekocho sichitsekeka bwino nde mpweya wa hita umalowerera. Mutha kuyesa nokha, sinthani kutentha kuchoka pa LO kupita pa HI nkubwereranso mukumvetsera, mukamva kugogoda kapena kukhethemula mkatimo, kapena mpweya osasintha konse, kamotako ndi kokayikitsa.

Kuti musamangodalira dzanja, gulani kachipangizo kotchipa koyezera kutentha, kaikeni pa vento yapakati, mawindo otseka, batani lozungulitsa mpweya lili loyatsa, fani pa sipidi yapakati, dikirani mphindi 10. Eyakoni yabwino imatulutsa mpweya wa madigiri apakati pa 5 ndi 10, mwina kukwererako pang'ono masana a ku Mangochi galimoto ili chiimire. Lembani nambala imene mwapeza musanapite kokonzetsa, ndipo akamaliza muyezenso pomwepo musanalipire.